Simenti ya pansi sikuuma m'nyumba ya makolo ku Zomba: ndiphwanye kapena ndiike matailosi?

Mwana_wa_Likangala
Moni nonse pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Nyumba yomwe anatisiyira malemu bambo athu kuno ku Zomba ndi ya njerwa zootcha, ndipo anaimanga likulu la dziko lidakali konkuno, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Pansi ndi simenti yakale ija yosalala, imene amayi ankaipaka polishi wofiira Loweruka lililonse mpaka kumadzionerapo nkhope.

Tsopano chipinda chakumbuyo, choyang'ana kuphiri, pansi pake sipauma. Mvula ikangokhazikika mu Disembala simenti imada bii m'mbali mwa khoma, polishi sagwira, ndipo nsapato zikakhala kunsi kwa bedi masabata awiri mumazipeza zitachita chuku. Sabata yatha ndinasuntha wadiropu n'kupeza thabwa la pansi litavunda, chala chikuchita kulowa. Kukhoma penti wafufuma kulekeza m'bondo, ndipo pakutuluka tiufa toyera ngati mchere. M'chipindamo mumagona amayi, ndipo amadwala mphumu.

Amisiri awiri abwera kudzaona. Wina akuti ndingoika matailosi pamwamba, nkhani yatha. Winayo akuti tiphwanye simenti yonse, tiyale pepala la pulasitiki, tithire ina. Mitengo yawo ndi yotalikirana kwambiri. Amene munakumanapo nazo ndigawireni nzeru ndisanataye ndalama.

Tsabola265
Ikani matailosi achemwali, musadzivute. Ine kwanga ku Area 25 ndinaika zaka 4 zapitazo, mpaka lero ali gwa.

MmisiriWakale
Pepani ndi matenda a amayi. Koma matailosiwo ayambe adikira. Tailosi silichotsa madzi, limangowavundikira. Madzi mukawatsekera pamwamba amafuna kwina kotulukira, ndipo kotulukira kwake ndi kukhoma lanu lomwelo. Mwati penti wafufuma kulekeza m'bondo. Mukatseka pansi ponse, dzinja likudzali adzafufuma kulekeza m'chiuno.

Tisanakambe za mankhwala tidziwe kaye nthenda. Pansipo pamanyowa m'dzinja mokha, kapena ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo? Kuseri kwa khoma lonyowalo kuli chiyani, maluwa, thanki, bafa? Denga lili ndi ma gutter? Nanga mukaima panja, dothi lili m'munsi mwa simenti ya m'nyumba kapena lalingana nayo?

Tsabola265
Madala, ndiye mukuti anga aja ndinalakwitsa?

MmisiriWakale
Iyayi achimwene. Yanuyo ngati ndi yaposachedwa mwina anayala pulasitiki asanathire konkire, kapena malo anu ndi ouma. Ya achemwaliwa ndi ya nthawi imene amisiri ambiri ankangothira zidutswa za njerwa, kusinja, n'kuthira simenti pamwamba. Ndi nyumba ziwiri zosiyana.

NaMbewe_Bangwe
Ine ndine mboni ya zimene akunena madalawa. Kwathu ku Bangwe tinaika matailosi pa simenti yonyowa titamva malangizo ngati omwewa. Chaka choyamba tinkayamika ndithu. Itabwera mvula ya Freddy mu Malichi 2023, mizere ya pakati pa matailosi inayamba kuda, kenako ena mukawagogoda ankalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti alekana ndi simenti. Tsiku lina m'mawa tinapeza anayi atatukuka pabalaza. Titazula limodzi, pansi pake panali madzi enieni, fungo lake ngati la chitsime chosiyidwa. Ndalama ya matailosi, ya guluu wake, ya mmisiri, yonse inalowa m'madzi. Achemwali musapupulume.

Mwana_wa_Likangala
Zikomo abambo MmisiriWakale. Mu Okutobala pamauma ndithu, kumangotsala banga. Kuseri kwa khomalo kuli maluwa a amayi, anawakwezera dothi n'kutchingira ndi njerwa. Ma gutter analipo kale koma anadyeka ndi dzimbiri, tinawachotsa. Bafa lili mbali ina ya nyumba. Za dothi ndikayang'anitsitsa mawa kukacha.

Chiperoni_Thyolo
Tisaiwale kuti si chinyontho chonse chimachokera pansi pa nthaka. Kuno ku Thyolo mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa masiku atatu, simenti imachita thukuta ngakhale m'nyumba yomanga dzulo. Mpweya wonyowa ukakhudza simenti yozizira umasanduka madzi, monga botolo la Fanta lochokera m'firiji limachitira mame kunja. Ku Zomba kuphiri nakonso nkhungu imatsika, ndiye musanagamule yesani izi.

Pukutani pansipo paume. Dulani pepala la pulasitiki loonekera mkati, theka la mita mbali zonse, muyale pamalo onyowawo, mumate m'mbali monse ndi tepi yolimba kuti mpweya usalowe. Lina muyale pakati pa chipinda. Musiye maola 48. Madontho akakhala kunsi kwa pepala, simenti n'kuda pamenepo, ndiye kuti madzi akukwera kuchokera m'nthaka. Akakhala pamwamba pa pepala, ndi mpweya wa m'chipinda, ndipo mankhwala ake ndi mawindo ndi mphepo, osati piki.

Pulambala_wa_Mzuzu
Ndiwonjezerepo chimodzi. Nyumba za zaka zimenezo mapaipi ake anali achitsulo, ena okwirira pansi pa simenti. Akadyeka ndi dzimbiri amadontha mwakachetechete zaka ndi zaka. Usiku tsekani mipopi yonse, wina asagujumule chimbudzi, lembani manambala a pa mita ya madzi, m'mawa mukaonenso. Akasuntha, madzi akuthawira penapake. Poti mwati mu Okutobala pamauma ndikukayika ngati ndi paipi, koma kuyesako n'kwaulere.

Kabaza_Boy
Ingoikani mbaula m'chipindamo usiku wonse mutatseka mawindo. Pofika m'mawa pauma.

Namwino_Liwonde
Chonde chonde musayerekeze zimenezo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Sununkha, suoneka, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Nyengo yozizira timamva za anthu opezeka atamwalira mbaula ili pambali. Ndipo mbaula ingoumitsa pamwamba pokha, mawa madzi akweranso.

Achemwali, ine chandikhudza ndi amayi. Mphumu ndi nkhungu ya m'nyumba sizimwerana madzi. Musadikire kuti nkhani ya simenti ithe, asamukire chipinda china lero lomwe, ngakhale pabalaza. Matiresi ndi zofunda zikaone dzuwa. Nkhungu ya kukhoma muitsuke ndi Jik wothira m'madzi, mawindo ali otsegula, mutavala magolovesi, amayi ali panja, ndipo Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Inhela yawo izikhala pafupi.

Kabaza_Boy
Pepani amayi, sindinaganize mpaka kumeneko. Ndabweza mawu anga.

Mlimi_wa_Jali
Poti tikukamba za simenti yonyowa, ine chaka chatha inandipweteka. Ndinasanja matumba 6 a chimanga pansi m'chipinda, chothira mankhwala bwinobwino. Pofika Febuluwale, nthawi imene chimanga chimafunika kwambiri, matumba awiri apansi anali atagwirana, chimanga chitabiriwira. Ndinalira.

AnaPhiri_Mchinji
Thumba silikhala pa simenti achimwene, kaya iume bwanji. Ikani njerwa, pamwamba matabwa kapena mitengo, matumba asanjike pamenepo, ndipo asatsamire khoma. Mphepo izidutsa kunsi ndi kumbuyo.

Mlimi_wa_Jali
Chowonongekacho ndinapeta n'kukagayitsa mgaiwa, china ndinapatsa nkhuku.

Namwino_Liwonde
Ulendo wina musadzatero. Chuku cha pa chimanga ndi mtedza chimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Ndikudziwa kuti mu Febuluwale kutaya chimanga n'kowawa, koma chobiriwira chija si chakudya, ngakhale cha nkhuku.

Woyang'anira_Gulu
Abale, nkhani ya chimanga ndi yofunika, tiitsegulire mutu wakewake. Pano tibwerere kuchipinda cha amayi aku Zomba.

Mjomba_Leicester
Ndakhala ndikuwerenga ndili kuntchito, tsopano ndaweruka. Achemwali, vuto lanuli kuno ku England ndi nyimbo ya tsiku ndi tsiku, chifukwa nyumba zambiri ndi zakale kuposa yanuyo. Yomwe tikukhala ife ndi ya m'ndandanda uja wa nyumba zogundana, yomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kukhitchini kwake kuli timatailosi tadothi tofiira toyala pa phulusa ndi dothi basi, popanda pulasitiki, chifukwa pulasitiki wa pansi pa konkire anayamba kufala m'ma 1960.

Pansi potero pamapuma. Chinyontho chimakwera pang'onopang'ono, n'kumauluka pamwamba osaoneka, ndipo nyumba inakhala choncho zaka zoposa 100. Mwini wake wina tisanabwere ife anayala kapeti wa pulasitiki pamwamba. Titalowa tinapeza matabwa a m'munsi mwa khoma atavunda, pulasitala akuyoyoka. Titafunyulula kapetiyo, pansi panali chinyezi ngati pathiridwa madzi. Sitinaphwanye kanthu. Tinachotsa kapeti, tinakonza paipi yotsitsa madzi a padenga yomwe inali yothyoka, tinachotsa simenti ya panja yomwe inakwera mpaka kukwirira njerwa za m'munsi, n'kudikira. Zinatenga miyezi, koma panauma.

Amene amakonza nyumba zakale kuno ambiri amakana zothira konkire ndi pulasitiki m'nyumba zotere, amati madzi onse amathawira kumakoma. M'malo mwake amathira pansi pa laimu, amati limecrete, pamwamba pa timiyala topepuka ta galasi tomwe sitikoka madzi.

Ndipo anamwino akunena zoona. Ku Rochdale mwana wa zaka 2 anamwalira mu 2020, ndipo kafukufuku wa imfa yake mu 2022 anapeza kuti chinamupha ndi nkhungu ya m'nyumba yomwe ankakhala. Amayi atuluke m'chipindamo.

MmisiriWakale
Ankolo aku Leicester, zambiri tikugwirizana, koma pa pulasitiki ndisiyana nanu pang'ono. Pepala silolakwa. Cholakwa ndi kuliyala pansi pokha, khoma lilibe chotchinga chake. Pepala la pansi likakwera m'mbali n'kukumana ndi DPC, chotchinga madzi choyalidwa pakati pa njerwa za m'munsi mwa khoma, madzi alibe polowera, ndipo nyumba zomangidwa choncho siziona vutoli. Komanso laimu amene mukunenayo si yemwe timapaka makoma kuno. Ndi wamtundu wina, wouma ngati simenti, ndipo mayi wa ku Zomba sangakamupeze pa hardware ya pa msika. Tiwapatse nzeru yoti aigwiritse ntchito ndi zimene zili pafupi.

Mjomba_Leicester
Ndamva madala. Koma nyumba yakale ngati ilibe DPC, pepalalo likakumana ndi chiyani?

MmisiriWakale
Funso lake ndi limenelo. Ndiye chifukwa chake ndikufuna ayang'ane kaye kunja. Nyumba zambiri za m'tauni za nthawi imeneyo zinali ndi chipepala cha phula pakati pa njerwa za m'munsi. Chikhoza kukhalapo koma chitakwiririka.

Gogo_NaSoko
Ana anga, ine ndinakulira m'nyumba yozira. Tinkatenga dothi lakuda kudambo, kuzira pansi ndi manja, kukulungiza ndi mwala mpaka kuwala. Sindikumbuka nsapato kapena mphasa ikuchita chuku. Koma onani mmene makolo ankamangira. Ankasankha pamtunda, pansi pa nyumba ankakweza, khonde linkazungulira nyumba yonse, udzu wa denga unkatsika kutali ndi khoma, ndipo mvula isanayambe bambo ankatenga khasu kulambula ngalande kumtunda kwa nyumba. Chaka chilichonse. Lero timamanga m'dambo, malata aafupi, ngalande palibe, kenako tizidabwa.

Tsabola265
Agogo, malo apamtunda m'tauni alipo? Munthu umagula pomwe wapeza.

Gogo_NaSoko
Ndi zoona mwana wanga, malo anatha. Koma khasu lilipo.

WaLendi_Ndirande
Inu muli ndi mwayi nyumba ndi yanu. Ife a lendi, eni nyumba amangopaka penti watsopano mu Seputembala, iwe n'kulowa ukuona ngati kwabwino. Januwale akafika khoma lonse mawanga, matiresi kununkha. Ukadandaula akuti ukukolopa ndi madzi ambiri.

AnaPhiri_Mchinji
Pofuna nyumba muziyang'ana m'munsi mwa khoma ndi kuseri kwa chitseko, ndipo muzinunkhiza. Penti amabisa banga koma fungo sabisa. Funsaninso oyandikana nawo mmene pamakhalira m'dzinja. Pakali pano bedi likwezeni pa njerwa, lisagunde khoma.

Mwana_wa_Likangala
Ndabweranso abale. Choyamba, amayi tawasamutsira chipinda changa, ine ndikugona pabalaza. Mita ya madzi sinasunthe usiku wonse. Mapepala aja ndawamatula lero. La m'mbali mwa khoma kunsi kwake kuli madontho ochita kuyenderera, simenti yada. La pakati pa chipinda langochita kachifunga pang'ono. Pamwamba onse ndi ouma.

Za kunja ndiye zandidabwitsa. Ndinayeza ndi chingwe kuchokera pawindo kutsika, mkati ndi kunja. Dothi la maluwa lili pamwamba kuposa simenti ya m'chipinda, pafupifupi chikhatho chimodzi. Nditawauza amayi anati, kodi sukumbuka kuti khomo lakumbuyo linali ndi masitepe atatu? Lero likuoneka limodzi. Ena awiriwo ali m'dothi. Zaka zonsezi mvula yakhala ikukokolola dothi kumtunda n'kumaliunjika pakhoma pathu, ife n'kumasesa pamwamba pake.

MmisiriWakale
Basi, nthenda yapezeka. Masitepe awiri okwiririkawo akuuzani zonse. Chipinda chanu panopa chili ngati chakumbidwa m'nthaka, ndipo maluwa akuthiriridwa pakhoma penipeni. Poti pakati pa chipinda pangochita kachifunga, madzi ambiri akulowera m'mbali. Musaphwanye kanthu chaka chino. Ntchito yonse ili panja.

Yambani ndi dothi. Lichotseni m'mbali mwa khoma mpaka mupeze mzere wa phula uja ngati ulipo, ndipo nthaka itsike masentimita 15 kunsi kwake, ndiye kuti mizere iwiri ya njerwa. Ngati palibe, yezerani pa simenti ya mkati, nthaka ikhale masentimita 15 kunsi kwake. Koma tcheru: musakumbe mpaka kuvundukula maziko. Nyumba zambiri zakale njerwa zake anamangira dothi, ndipo mukafukula maziko nthawi ya mvula mukhoza kung'ambitsa khoma. Kumbani pang'onopang'ono, ndipo nthaka ipendekere kunja kuti madzi azithawa nyumba.

Kenako denga. Anthu amapeputsa madzi a padenga. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100, mvula ya mamilimita 50 ikagwa usiku umodzi, ndi malita 5,000, migolo 25 ya malita 200. Ku Zomba mvula yotero si yachilendo. Popanda ma gutter, madzi onsewo akugwera m'mphepete mwa makoma anu. Bwezeretsani ma gutter, koyamba mbali ya kuphiri, ndipo paipi yotsitsa ikatayire kutali kapena mu thanki.

Chachitatu ndi chimene anena agogo, ngalande kumtunda. Ikhale mita imodzi kapena iwiri kuchokera pakhoma, idutse mopingasa, ikatayire madzi kumbali kotsetsereka, osati pakhomo pa anzanu. Mukafuna yokwirira, yalani miyala ya kwale, paipi yoboolaboola, miyala inanso pamwamba. Dothi likakhazikika muthire khonde la simenti mozungulira, mita imodzi m'lifupi, lopendekera kunja masentimita 2 pa mita, koma lisakwere kufika pa DPC. Amisiri ena amalikweza kuti lioneke bwino, n'kubweretsanso vuto lomwe lija.

Mkati chotsani chilichonse chotseka pansi, kapeti, mphasa za pulasitiki, ndipo polishi muyambe mwaleka. Katundu atalikire khoma. Mawindo azitsegulidwa masana, ndipo timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma ngati munatseka ndi nyuzi, titseguleni. Tiufa toyerato ndi mchere umene madzi amasiya akamauluka. Muzitisesa ndi bulashi youma, mukatsuka ndi madzi timabwereranso mkati.

Injiniya_Kanengo
Ndikuvomereza zonse. Ndingoonjeza kuti pokumbapo muyang'ane njira za chiswe. Dothi lonyowa logundana ndi khoma ndi msewu wake, ndipo thabwa la wadiropu lija mwina si kuvunda kokha. Onaninso mafelemu a zitseko.

Tsabola265
Nanga penti wa phula uja, kapena mankhwala othira mu simenti oti madzi asadutse? Mmisiri wanga amawatama kwambiri. Si zachidule kuposa kukumba ngalande?

Injiniya_Kanengo
Ali ndi ntchito yake, koma si oyambira. Penti wa phula amafuna pouma kuti agwire. Mukapaka pa simenti yomwe madzi akukankha kuchokera kunsi, amatukuka matuza n'kusupuka. Pulasitala wothira mankhwala amaumitsadi pomwe mwapakapo, koma njerwa kumbuyo kwake zimakhalabe zonyowa, ndipo banga limakatulukira pamwamba pomwe pulasitalayo walekeza. Ndaonapo nyumba yomwe anapaka kulekeza mita imodzi, chaka chotsatira mzere wa chinyontho unali pamwamba pa mitayo. Chotsani madzi kaye, zopakapaka zibwere pambuyo ngati zidzafunike n'komwe.

NaMbewe_Bangwe
Nanga ife amene pansi ponse pamanyowa, osati m'mbali mokha? Kwathu ngalande tinakumba koma pakati pa balaza pamatuluka madzi ngati kasupe mvula ikachuluka.

MmisiriWakale
Amayi, kwanuko madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, ndipo mwina kuphwanya sikungalephereke. Koma ikhale ntchito ya chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo muime pomwepo akamagwira.

Akaphwanya akumbe mokwanira. Pansi ayale miyala kapena zidutswa za njerwa masentimita 15, asinje zolimba. Miyala ikuluikulu imadula njira ya madzi okwera, pomwe dothi losalala limawakoka ngati chingwe cha nyali. Athire mankhwala a chiswe. Pamwamba mchenga masentimita 5, kuti miyala isaboole pepala. Kenako pepala lenileni la ntchitoyi, la ma micron 250, osati lopyapyala lija timafolerera udzu. Polumikiza lipitirirane masentimita 20 n'kumata ndi tepi, ndipo m'mbali likwere kukhoma kukakumana ndi DPC. Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimafera: anyamata amayendetsa wilibala pa pepala, kuliboola ndi fosholo, n'kuthira konkire msangamsanga mwini nyumba asanaone. Ayale matabwa oyendapo.

Konkire ikhale masentimita 10, muyezo wa 1:2:4, simenti, mchenga wa kumtsinje, kwale. Chipinda cha mamita 3 kwa 4 chimadya matumba 8 a makilogalamu 50, osawerengera yosalazira pamwamba. Wina akakuuzani kuti matumba 4 akwana, dziwani kuti akuchepetsa simenti kapena kunenepa kwa silabu. Muziithirira masiku 7. Ndipo ngati madzi amachita kutumphuka, kwezani pansi ponse pakhale pamwamba kuposa kale, ngakhale zitseko zidulidwe.

NaMbewe_Bangwe
Tikatero matailosi tingaike liti?

Injiniya_Kanengo
Osati sabata yomweyo. Silabu yokhala pa pulasitiki imaumira pamwamba pokha, ndipo kawerengedwe kathu ndi mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka. Ya masentimita 10 ipatseni miyezi 4. Musanaike, bwerezani kuyesa kwa pepala kuja anafotokoza a Chiperoni_Thyolo. Kunsi kukakhala kouma, itanani wa matailosi.

Mjomba_Leicester
Ndipo khoma nalo silithamanga. Achemwali aku Zomba musafulumire kupaka penti wa mafuta pabanga paja. Gwetsani pulasitala wofufumayo, njerwa zikhale pamtunda mpaka chilimwe. Laimu wathu wopaka yemweyu ndi wabwino pakhoma lotere chifukwa salitseka mpweya.

MmisiriWakale
Apo ndiye tagwirizana ankolo.

Mwana_wa_Likangala
Abale, ndikupatseni zomwe zachitika. Loweruka ndinaitana anyamata awiri ndi makasu ndi wilibala. Sitepe lachiwiri linatuluka tisanamwe tiyi, lachitatu chakumasana, lathunthu, m'mphepete mwake mudakali polishi wofiira. Amayi anaima pakhomo nthawi yaitali akuliyang'ana, anati bambo ankakhala pamenepo madzulo akumvera wailesi.

Mzere wa phula ulipodi. Unali pansi pa dothi mizere itatu ya njerwa, wakuda, wophwanyikaphwanyika pakona koma kwina konse uli bwino. Njerwa za pamenepo zinali zonyowa moti mukakanda ndi chikhadabo zikuchoka. Chiswe tachipezanso, njira yake inakwera kuseri kwa maluwa mpaka pa felemu la windo. Tachotsa mawilibala 31 a dothi, ngalande yakumtunda takumba, ndipo mvula ya Lolemba usiku ndinatuluka ndi tochi kukaona: madzi ankathamanga m'ngalandemo kulowera kumsewu, pakhoma panalibe chithaphwi. Mkati simenti idakali yakuda, sindikunama. Ma gutter ndigula mwezi ukatha. Mmisiri wa matailosi ndamuuza kuti tidzaonana chilimwe, winayo ndamupatsa ntchito ya khonde.

Chatsala ndi maluwa. Amayi sakufuna kuti afe, ena anabzala bambo adakali moyo. Panopa ali m'zidebe ndi m'matumba a simenti pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndingawabzale kutali bwanji ndi khoma?

Gogo_NaSoko
Kuseri kwa ngalande, mwana wanga, kumene amayi ako angawaone ali pawindo. Uwaokere madzulo, dothi lidakali lonyowa, ndipo uwadulire nsonga kuti agwire msanga.

MmisiriWakale
Mamita awiri kuchokera pakhoma akwana. Pakona pomwe phula laphwanyika musatsekepo ndi pulasitala, mundijambulire chithunzi ndione kaye. Pepala lija mudzayesenso kumapeto kwa Febuluwale mvula ili pachimake, malo omwewo awiri, mudzatiuze zomwe mwapeza kunsi kwake.